Osema ndi Oumba: Mbiri ya Kapangidwe Katsopano ka Zitsulo za Ndege

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zimene munthu wakhala akupangira ziwiya zake kuyambira kalekale. Wosema mtondo amayamba ndi chipika chachikulu cha mtengo, nachigoba pang'onopang'ono ndi nkhwangwa ndi sompho mpaka mtondo utatsala wokha pakati pa mulu wa zibenthu. Woumba mbiya amayamba ndi phale lopanda kanthu. Amakulunga dongo ngati chingwe, nalizunguza, nasanjika lina pamwamba pa linzake mpaka mbiya itakwera kufika pakamwa. Wosema amataya zambiri, pamene woumba sataya pafupifupi chilichonse. Komanso pali malo amene sompho safika. Wosema angavutike kwambiri kuti apange mtsuko wa mimba yaikulu ndi khosi laling'ono, koma woumba amaupanga mosavuta chifukwa m'kati mwake amakonzamo asadatseke.

Kuyambira m'chaka cha 1903, pamene abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, adaulutsa ndege yawo ku Kitty Hawk m'dziko la America, amisiri opanga ndege akhala makamaka a fuko la osema. N'zoona kuti zitsulo zina ankazisula, zina ankazisungunula n'kuzithira m'zikombole monga amachitira oumba njerwa ndi dothi, koma pomalizira pafupifupi chitsulo chilichonse chinkapita pa makina opala ndi oboola. Kusemako kunkadya chuma. Pa zipangizo zina za titaniyamu, chitsulo cholimba koma chopepuka ndiponso chodula kwambiri, fakitale inkagula makilogalamu 10 kapena kuposerapo kuti ipeze kilogalamu imodzi yokwera m'ndege. Zotsalazo zinkagwa pansi ngati utuchi. Vuto lachiwiri lidali lija la mtsuko: choboolera chimayenda mowongoka basi, sichikhota. Choncho chipangizo chofuna tinjira tokhotakhota m'kati mwake chinkapangidwa m'zidutswa zambirimbiri, kenaka n'kuzilumikiza powotcherera kapena ndi mabawuti, ndipo polumikizira paliponse padali malo ofooka amene ankafuna kuyang'aniridwa.

Luso limene lidalowetsa oumba m'mafakitale a ndege limatchedwa additive manufacturing pa Chingerezi, kutanthauza kupanga chinthu mowonjezera, ngakhale kuti ambiri amalidziwa ndi dzina lakuti 3D printing. Lidabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma padapita zaka zoposa 30 kuti boma la America lilole chitsulo choumbidwa chotere kuikidwa mu injini ya ndege yonyamula anthu. Makina ake sadali ovuta kuwaganizira. Chimene chidatenga nthawi n'kuwakhulupirira.

Mmodzi wa anthu oyamba kulemba za njirayi momveka bwino adali Hideo Kodama, wofufuza wa mumzinda wa Nagoya ku Japan. Mu 1981 adafalitsa zotsatira za kafukufuku wake zosonyeza kuti pulasitiki wina wamadzimadzi amauma akaunikidwa ndi kuwala kwa ultraviolet, ndi kuti poumitsa gawo lopyapyala pamwamba pa linzake munthu angathe kuumba chinthu chathunthu. Ntchito yake sidapeze woithandiza, ndipo pempho lake la chikalata cha boma chomuteteza monga mwini luso silidafike kumapeto. Ku France nako akatswiri atatu, Alain Le Méhauté, Olivier de Witte ndi Jean Claude André, adapempha chikalata chotero mu Julayi 1984, koma mabungwe amene ankawalemba ntchito adalisiya pempholo poganiza kuti mudalibe phindu. Patangopita milungu itatu, Charles Hull wa ku America adapereka pempho lake, ndipo ndiye amene dziko limamukumbukira.

Hull ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku California imene inkagwiritsa ntchito nyali za ultraviolet poumitsa utoto wolimba wopaka pamatebulo. Mu 1983 adaumba kakapu kakang'ono ndi makina odzipangira yekha. Chikalata chake chidatuluka mu 1986, ndipo chaka chomwecho adakhazikitsa kampani ya 3D Systems. Nthawi yomweyo wophunzira wina wa pa University of Texas ku Austin, dzina lake Carl Deckard, mothandizidwa ndi mphunzitsi wake Joseph Beaman, ankayesa njira ina: kuyala ufa wa pulasitiki n'kuumata ndi kuwala kwamphamvu kwa leza. Wachitatu adali Scott Crump, amene nzeru idamufikira akupangira mwana wake chidole cha chule ndi chida chofinyira guluu wotentha. Iyeyu ndi mkazi wake Lisa adayambitsa kampani ya Stratasys mu 1989. Makina ang'onoang'ono ofinya pulasitiki amene afala m'masukulu aukachenjede ndi m'nyumba za anthu ndi adzukulu a chule ameneyo; adatsika mtengo chikalata cha Crump chitatha mphamvu mu 2009.

Pa zaka zonse zoyambirirazo palibe amene ankaganiza zoulutsa zinthu zimenezi. Zidali zofooka ndiponso zosachedwa kuthyoka. Ntchito yake idali yoonetsera chabe. Katswiri akajambula chipangizo pakompyuta ankachiumba ndi pulasitiki kuti achigwire m'manja, aone ngati chikulowa pamalo pake, asadawononge ndalama popangitsa chachitsulo. Phindu lidalipo ndithu, pakuti ntchito ya miyezi inkatha pamasiku owerengeka, koma m'maso mwa amisiri akale makinawa adali opangira zidole.

Zinthu zidasintha pamene luso la Deckard lidayesedwa pa ufa wachitsulo, ndipo apa patsogolo padali Ajeremani. Kampani ya EOS, imene Hans Langer adaikhazikitsa pafupi ndi Munich mu 1989, idayamba kugulitsa makina omata ufa wachitsulo chapakati pa zaka za m'ma 1990. Mu 1995 akatswiri a bungwe la Fraunhofer mumzinda wa Aachen adayamba kukonza njira yosungunuliratu ufawo kuti chitsulo chituluke chogwirana bwino, chosasiya timipata. Ku Sweden kampani ya Arcam, yokhazikitsidwa mu 1997, idasankha kusungunula ufa ndi mtsinje wa maelekitironi m'chipinda chochotsedwa mpweya wonse.

Kagwiridwe ka makina otere n'koyenera kukamvetsa. Kompyuta imatenga chithunzi cha chipangizo n'kuchidula m'maganizo mwake m'tizigawo topyapyala zikwizikwi, monga mmene mayi amadulira anyezi. M'kati mwa makina muli thebulo lachitsulo lotha kutsika. Mpeni wautali umayala ufa pathebulopo mopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kotero kuti pamafunika kuyala ka 20 mpaka ka 50 kuti chinthu chikule ndi milimita imodzi. Kuwala kwa leza kumathamanga pamwamba pa ufawo n'kusungunula malo okhawo amene kompyuta yalamula. Thebulo limatsika pang'ono, mpeni umayalanso ufa wina, leza n'kudutsanso. Zimatero usana ndi usiku, nthawi zina masiku angapo. Mpweya wamba umachotsedwa n'kuikamo wa argon kapena wa nitrogen, chifukwa chitsulo chotentha chikakumana ndi okosijeni chimawonongeka, ndipo ufa wa titaniyamu ungathe kuyaka koopsa. Pomaliza mmisiri amafukula chipangizocho mu ufa wotsala ngati munthu wokumba mbatata, ufawo n'kuusefa kuti ugwirenso ntchito.

Opanga ndege adali ndi zifukwa zabwino zosirira luso limeneli. Kilogalamu iliyonse yochotsedwa pa ndege imapulumutsa mafuta tsiku ndi tsiku pa zaka 20 kapena 30 zimene ndegeyo imauluka. Zitsulo zawo n'zodula, choncho kuchepetsa utuchi n'kupulumutsa chuma. Ndiponso ndege sizipangidwa zochuluka ngati njinga kapena mabeseni, motero kuchedwa kwa makina oumba sikudali chopinga chachikulu. Komabe adali ndi chifukwa chimodzi choopera chimene chidalemera kuposa zonsezi, ndipo adachiphunzira pamaliro.

Mu Meyi 1952 ndege ya ku Britain yotchedwa de Havilland Comet idayamba kunyamula anthu kuchokera ku London kupita ku Johannesburg, ikuima m'malo angapo kuphatikizapo Entebbe ndi Livingstone. Idali ndege yoyamba ya injini za jeti kugwira ntchito yotere, ndipo dziko lonse lidaigomera. Koma mu Januwale 1954 imodzi idasweka m'mwamba pafupi ndi chilumba cha Elba, ndipo mu Epulo chaka chomwecho inanso idasweka pafupi ndi Naples. Palibe adapulumuka. Ofufuza a ku Farnborough adaika thupi la ndege ina m'thanki yaikulu ya madzi, nalipopa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza mpaka lidang'ambika. Adapeza kuti chitsulo chimatopa. Mnyamata aliyense amene adapangapo galimoto ya mawaya amadziwa zimenezi: waya amene sangamudule pokoka amathyoka mosavuta akamupinda uku ndi uku kangapo. Pa Comet ming'alu inkayambira pangodya za mazenera ndi za zibowo zina, n'kumakula pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse.

Phunziro lachiwiri lidali loopsa koposa chifukwa chilema chake chidali m'kati mwa chitsulo chenichenicho. Pa 19 Julayi 1989 ndege ya mtundu wa DC-10 ya kampani ya United Airlines idanyamuka ku Denver kupita ku Chicago ndi anthu 296. Ili m'mwamba, gudumu lalikulu la titaniyamu la mu injini yakumchira lidasweka, ndipo zidutswa zake zidadula mapaipi onse owongolera ndege. Woyendetsa, Alfred Haynes, ndi anzake adaifikitsa pabwalo la Sioux City pongosinthasintha mphamvu ya injini ziwiri zotsalazo, koma idagwa potera ndipo anthu oposa 110 adamwalira. Kafukufuku adasonyeza kuti kachilema kakang'ono kadalowa m'chitsulocho pamene chinkasungunulidwa mu 1971. Mng'alu udayambira pamenepo, nukula mwakachetechete kwa zaka zambiri popanda woyendera aliyense kuuona.

Munthu wodziwa mbiri imeneyi sakadathamangira kukhulupirira chitsulo choumbidwa ndi ufa. Chitsulo chosulidwa chimapunthidwa mpaka timibulu take titagwirana, ndipo khalidwe lake lidayesedwa kwa mibadwo. Chitsulo choumbidwa, kunena zoona, ndi mizere yowotcherera zikwi ndi zikwi yosanjikizana, ndipo mzere uliwonse ungathe kubisa kabowo ka mpweya kapena ufa wosasungunuka bwino. Makina awiri a kampani imodzi ankatha kutulutsa zitsulo zosiyana mphamvu. Ngakhale makina amodzi omwewo, chipangizo choumbidwira pakati pa thebulo chinkatha kusiyana ndi cha m'mphepete. Kukayika kwa amisiri akale sikudali kuuma mutu.

Choncho luso latsopanoli lidalowa m'ndege kudzera kukhomo lakuseri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kampani ya Boeing idayamba kuika mapaipi a nailoni oumbidwa ndi leza m'ndege zankhondo za F/A-18 Super Hornet. Mapaipiwo ankangonyamula mpweya woziziritsa zida zamagetsi. Adali okhotakhota, ovuta kuwapanga mwa njira yakale, koma sankanyamula katundu wolemera. Mu 2011 chombo cha Juno chidanyamuka ulendo wopita ku Jupiter chili ndi tizitsulo togwiriziza ta titaniyamu toumbidwa. Zonsezi zidali zazing'ono, koma chaka chilichonse chimene zidagwira ntchito osathyoka chidawonjezera umboni.

Chinthu chimene chidatsegula khomo lakumaso n'chaching'ono moti munthu angathe kuchifumbata. Kampani ya CFM International, imene General Electric ya ku America ndi Safran ya ku France adagawana pakati, inkakonza injini yatsopano yotchedwa LEAP kuti ilowe m'malo mwa CFM56, injini imene imayendetsa ndege zambiri za Boeing 737 ndi Airbus A320. Lonjezo lawo kwa ogula lidali lakuti injini yatsopanoyo idzamwa mafuta ochepa ndi magawo 15 pa 100 alionse. Njira imodzi yokwaniritsira lonjezolo idali kusakaniza bwino mafuta ndi mpweya asadayake, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi timipopi topopera mafuta m'chipinda chamoto. Nsonga ya kampopi kotere imakhala pamalo otentha kwambiri. Mafuta akatenthedwa ali m'kati mwake amasiya mwaye wouma umene umatseka tinjira, choncho pamafunika tinjira tina tozungulirazungulira toziziritsa nsongayo.

Akatswiri a General Electric adajambula nsonga yabwino kwambiri, koma adalephera kuipanga. Adayesa kuithira m'chikombole ka 8, ndipo ulendo uliwonse idakanika. Kuipanga mwa njira yakale kukadafuna zidutswa pafupifupi 20 zowotcherera pamodzi. Pafupi ndi likulu lawo ku Cincinnati padali kampani yaing'ono ya Morris Technologies, ya Greg Morris ndi anzake, imene mu 2003 idabweretsa ku America makina osungunula ufa wachitsulo ndi leza, ndipo inkawaumbira kale zitsanzo zoyesera. Adaitumizira chithunzi cha nsongayo mwachinsinsi. Idabwerako ili chitsulo chimodzi, chachikulu ngati suku, tinjira tonse tili m'kati. Malinga ndi kampaniyo, nsongayi idali yopepuka ndi magawo 25 pa 100 alionse ndiponso yokhalitsa kasanu kuposa ya zidutswa zija. Mu 2012 General Electric idangogula kampani yonse ya Morris, ndipo n'zosavuta kuona chifukwa chake: sidafune kuti opikisana nayo amwe pachitsime chomwecho.

Apa mpofunika kuzindikira kuti nsongayi sidapambane chifukwa chotsika mtengo kapena kupangidwa msanga. Idapambana chifukwa idali mtsuko wa khosi laling'ono, chinthu chimene sompho sakadachipanga. Ngakhale zidali choncho, padatenga zaka zinanso zoyesa. Zitsanzo zambirimbiri zidakokedwa, kupindidwa, kutenthedwa ndi kudulidwa pakati kuti zionedwe ndi magalasi okuza zinthu. Chipangizo choyamba choumbidwa chimene bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, la Federal Aviation Administration, lidavomereza pa injini ya General Electric yonyamula anthu sichidali nsonga ija ayi. Chidali kabokosi kosungiramo chida choyezera kutentha mu injini ya GE90 ya ndege za Boeing 777, ndipo chilolezo chake chidatuluka mu 2015. Injini ya LEAP idayamba kunyamula anthu mu Ogasiti 2016 pa ndege ya Airbus A320neo ya kampani ya Pegasus ya ku Turkey. Injini iliyonse ili ndi timipopi 18 kapena 19. Fakitale ya ku Auburn m'chigawo cha Alabama idakwanitsa nsonga 30,000 mu 2018, ndipo mu 2021 idafika pa 100,000. Kuyambira pamenepo palibe adanenanso za zidole.

Zotsatira zake zidabwera mofulumira. Mu 2016 General Electric idagula gawo lalikulu la Arcam ndi la kampani ya ku Germany ya Concept Laser kuti izidzipangira yokha makina. Mu 2017 kampani ya ku Norway ya Norsk Titanium, imene imasungunula waya m'malo mwa ufa, idaloledwa kupereka zitsulo zonyamula katundu za ndege ya Boeing 787, ndipo chaka chomwecho Airbus idaika kachitsulo koumbidwa ka titaniyamu pamalo ogwirizira injini ya A350. Injini yaikulu ya GE9X, imene idavomerezedwa mu 2020, ili ndi zipangizo zoumbidwa pafupifupi 300. Zina mwa izo ndi timapiko tozungulira ta chitsulo chosakaniza titaniyamu ndi aluminiyamu, chopepuka koma chosweka msanga pochikonza mwa njira zakale, timene timaumbidwa ku Cameri m'dziko la Italy. Ndege za 787, A350 ndi 737 MAX zili m'gulu la ndege za Ethiopian Airlines, motero apaulendo ambiri a m'chigawo chino cha Africa adanyamulidwapo kale ndi zitsulo zoumbidwa osadziwa.

Opanga maroketi sadazengereze ngati anzawo a ndege, chifukwa roketi zambiri zimanyamula katundu osati anthu, ndiponso injini yake imagwira ntchito mphindi zowerengeka. Komanso vuto lawo ndi la mtsuko lenileni. Moto wa mu injini ya roketi umatentha kuposa mmene chitsulo cha khoma lake chingapirire, choncho mafuta ozizira amayamba adutsa m'tinjira ta m'kati mwa khomalo asadakayake. Pa injini za F-1 za roketi ya Saturn V, imene idapititsa anthu kumwezi mu 1969, khomalo lidali timapaipi mazanamazana toyalidwa ndi manja n'kumatidwa pamodzi m'ng'anjo. Makina oumba amapanga khoma ndi tinjira take nthawi imodzi. Mu Januwale 2014 kampani ya SpaceX idaulutsa roketi ya Falcon 9 yokhala ndi chotsekera mpweya choumbidwa m'masiku osakwana awiri, pamene chothira m'chikombole chinkatenga miyezi. Kampani ya Rocket Lab, yoyambitsidwa ndi Peter Beck wa ku New Zealand, idaumba zigawo zikuluzikulu zonse za injini yake ya Rutherford, ndipo roketi yake ya Electron idafikitsa katundu mumlengalenga mu Januwale 2018 kuchokera ku Mahia.

Ena adapitirira muyeso. Kampani ya Relativity Space idalengeza kuti idzaumba pafupifupi roketi yonse, matanki omwe. Roketi yake ya Terran 1, yotalika mamita oposa 30, imene magawo 85 pa 100 alionse a kulemera kwake adali oumbidwa, idanyamuka ku Cape Canaveral mu Malichi 2023. Thupi lake lidapirira pamalo amene mphepo imakankha kwambiri, umene udali umboni wofunika, koma injini ya gawo lachiwiri idakanika ndipo roketiyo sidafike kumene inkapita. Mwezi wotsatira kampaniyo idaisiya, niyamba kukonza ina yaikulu imene matanki ake ndi a malata a aluminiyamu opindidwa mwa njira yakale. Thanki ndi chinthu chosalala, chopanda tinjira tobisika, ndipo kuiumba mzere ndi mzere n'kutaya nthawi pa ntchito imene makina opinda malata amaigwira bwino kale.

Nkhani imene idakondweretsa anthu wamba idachitikira pa International Space Station, nyumba yofufuzira imene imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400. Makina aang'ono oumba pulasitiki adafikako mu Seputembala 2014. Mu Disembala chaka chomwecho akatswiri a pansi pano adajambula sipanala pakompyuta n'kutumiza chithunzicho kumwambako, ndipo Barry Wilmore adaitulutsa m'makina patapita maola pafupifupi anayi. Sipanalayo idali yoyesera chabe, koma idasonyeza kuti chida chingathe kutumizidwa ngati kalata. Makina oyamba oumba chitsulo, otumizidwa ndi bungwe la European Space Agency, adafikako mu 2024.

Walira mvula walira matope. Chipangizo chikatuluka mu ufa ntchito imakhala isadathe. Chimakhala chomatirira kuthebulo ndiponso chochirikizidwa ndi timizati timene tiyenera kudulidwa. Khungu lake limakhala lokhakhala, ndipo kukhakhala ndiko kumene ming'alu imakonda. M'kati mwake mumakhala kukokana kobwera chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kofulumira, choncho chimaikidwa m'ng'anjo, ndipo kawirikawiri chimapanikizidwa ndi mpweya wamphamvu chili chotentha kuti timabowo titsekeke. Kenaka malo okhudzana ndi zitsulo zina amapalidwa pa makina akale omwe aja, chifukwa woumba amafunabe wosema. Pomaliza chimaunikidwa ndi makina ofanana ndi ojambulira m'thupi kuchipatala. Ufa nawo uyenera kukhala woyera kotheratu. Mu 2023 kampani ya Pratt & Whitney idalengeza kuti ufa wachitsulo umene idapangira magudumu a injini zina udali ndi zitsotso, ndipo ndege mazanamazana za A320neo zidaimitsidwa kuti injini zake ziunikidwe. Magudumuwo sadaumbidwe ndi leza, adapangidwa pofinya ufa ndi kuusula, koma chenjezo lake lidafika kwa aliyense wogwira ufa wachitsulo. N'chifukwa chake magudumu akuluakulu ozungulira a mu injini, a mtundu umene udasweka ku Sioux City, akupangidwabe posula.

Ufa wa titaniyamu umachokera mumchenga, ndipo apa mbiriyi ikukhudza kum'mwera kwa Africa. Miyala ya ilmenite ndi rutile, imene muli titaniyamu, imakumbidwa ku Richards Bay ku South Africa ndi ku Moma m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, kumene mgodi udayamba kutulutsa katundu mu 2007. Ku Malawi, kampani ya Sovereign Metals idalengeza mu 2022 kuti ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kuli rutile wochuluka kuposa malo ena alionse odziwika padziko, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagulako gawo la Sovereign Metals. Komatu pakati pa mchenga ndi ndege pali ulendo wautali. Gawo lalikulu kwambiri la mchenga wotere padziko lonse silisanduka chitsulo n'komwe; limapangidwa utoto woyera wa penti, mapepala ndi pulasitiki. Wotsalawo umadutsa m'njira imene William Kroll wa ku Luxembourg adaitulukira m'zaka za m'ma 1930. Umasakanizidwa ndi chlorine, kenaka ndi magnesium wosungunuka, n'kutuluka chitsulo chonga siponji, ndipo ntchito imeneyi imachitika makamaka ku China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Siponjiyo imasungunulidwa, kusakanizidwa ndi aluminiyamu ndi vanadium, n'kumwazidwa kuti isanduke timibulu tozungulira bwino toyalika mosavuta pathebulo lija. Pa sitepe iliyonse mtengo umakwera, ndipo masitepe odula onse ali kutsidya kwa nyanja.

South Africa idayesa kudumphako masitepe ena. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 bungwe la boma lofufuza za sayansi ndi mafakitale la CSIR, mogwirizana ndi kampani ya Aerosud, lidayamba ntchito yotchedwa Aeroswift ku Pretoria. Adamanga makina oumba ufa wa titaniyamu otha kupanga chipangizo chotalika mamita awiri, amene panthawiyo adali m'gulu la makina aakulu kwambiri a mtundu umenewu padziko lonse. Zipangizo zoyamba zidatuluka mu 2016, ndipo chimodzi mwa izo chidali chogwirira chimene woyendetsa ndege amakankha powonjezera mphamvu ya injini.